Kumvetsera Magetsi a Maselo Poyesa Mankhwala: Mafunso ndi Mayankho

Kodi selo lili ndi magetsi?

Inde. Selo la mtima likamapuma, mkati mwake mumakhala motsika ndi mamilivoti pafupifupi 90 poyerekeza ndi kunja, ndipo limagunda sodium akalowa, calcium n'kutsatira, potassium n'kutuluka kudzera m'timakomo ta pakhungu lake.

Nanga kachipangizo komvetsera magetsiwo n'kotani?

Akatswiri amakatchula kuti MEA. Ndi kambale kagalasi kokwana pachikhatho, kamene pansi pake anayalapo timadontho ta golide, platinum kapena titanium nitride, kalikonse ndi kawaya kake kopita ku kompyuta. Kadontho kamodzi kamakhala ka mamaikolomita 10 mpaka 30, kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo kambale kozolowereka kamakhala nato 60. Maselo amoyo amawaika pamwamba pake, m'madzi ofiirira a zakudya otentha madigiri 37. Pakapita masiku angapo maselowo amagwirana n'kuyamba kugunda pamodzi, moti pa maikulosikopu munthu amaona kansalu kopyapyala kakukoka n'kumasuka kokha, pamene pa kompyuta mizere ikudumpha nthawi imodzi. Ganizoli si ladzulo. Mu 1972 C. A. Thomas ndi anzake anayesa kambale ka timadontho 30 ndi maselo a mtima wa mwanapiye wa m'dzira, ndipo mu 1980 Jerome Pine anamvetsera maselo a mitsempha ya khoswe. Lero kuli timbale ta timadontho 26,400.

Kodi njira ina yomvetsera magetsi a selo, ya akatswiri Neher ndi Sakmann, sinali yokwanira?

Njira yawo ya patch clamp, imene inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1991, n'njolondola koposa, koma kapaipi kake kagalasi kamagwira selo limodzi n'kulivulaza. Timadonthoti sitibaya selo, choncho maselo omwewo angamvetseredwe kwa milungu.

Anthu amati mankhwala akatseka khomo la hERG ndiye kuti ndi oopsa kumtima. Bwanji osangoyesa khomo limenelo basi?

Apa mpamene ambiri amasochera, ndipo maganizo amenewa akhalitsa mopitirira muyeso. N'zoona kuti hERG ndi khomo limene potassium amatulukira kuti selo libwerere mwakale likatha kugunda. Likatsekeka, gawo lotchedwa QT pa ECG, chithunzi cha magetsi a mtima, limatalika, ndipo mtima ungalowe m'chipwirikiti chimene François Dessertenne anachitcha torsades de pointes mu 1966, chomwe chimatha kupha munthu mwadzidzidzi. Terfenadine, mankhwala a chimfine cha m'mphuno, anachotsedwa pamsika ku United States mu 1998 pa chifukwa chimenechi, cisapride n'kutsatira mu 2000, ndipo malangizo a 2005 otchedwa ICH S7B anaika hERG patsogolo pa zoyesa. Koma selo silili ndi khomo limodzi. Verapamil amatseka hERG ndithu, komabe madokotala amawapereka kwa odwala mtima, chifukwa amatsekanso khomo la calcium, ndipo ziwirizi zimaziziritsana. Woyesa hERG yekha akanawataya. Ndi mankhwala angati abwino amene anafera m'labotale mwanjira imeneyi? Kugunda kwa mtima kuli ngati ng'oma za gule: simungaweruze gule yense pomva ng'oma imodzi. Ubwino wa kambale kaja uli pamenepo, pakuti kamalemba zimene timakomo tonse tachita pamodzi. Kutalika kwa mzere umene kamalemba kumafanana ndi QT, ndipo kugunda kwachilendo kukayamba kumaonekera pomwepo. N'chifukwa chake ntchito ya CiPA, imene bungwe loyang'anira mankhwala la FDA ndi mabungwe ena anayambitsa mu 2013, inasankha mankhwala 28 odziwika kale kuopsa kwake kuti ione ngati maselo a pambale anganene zoona.

Maselo a mtima wa munthu amawatenga kuti?

Sang'amba mtima wa munthu aliyense. Kuchokera pamene Shinya Yamanaka anasonyeza mu 2007 kuti selo la khungu la munthu lingabwezedwe ku ukhanda, akatswiri amatha kulisandutsa la mtima.

Kodi zimenezi zikuwakhudza odwala malungo ndi TB?

Kwambiri. Quinine ndi chloroquine amatalikitsa QT. Halofantrine anaoneka ngati mpulumutsi pa malungo osamva mankhwala mpaka mu 1993, pamene ofufuza a kumalire a Thailand ndi Burma anaonetsa mmene amasokonezera mtima. Odwala TB yosamva mankhwala amene akumwa bedaquiline amafunika kuwajambula ECG. Kumene chipatala chili kutali ndipo makina a ECG ndi osowa, vuto loti likanagwidwa pambale limakagwidwira pa munthu.

Ndiye kuti kuyesa pa nyama ndi pa anthu kwatha ntchito?

Ayi, ndipo amene amanena zimenezi akuthamanga. Lamulo la ku United States la mu 2022 linangochotsa chikakamizo choyesa pa nyama, silinati kambale ndi munthu. Otsutsa amati maselo opangidwa m'labotale ndi osakhwima, amafanana ndi a mwana wosabadwa, ndipo amagunda okha, zimene maselo okhwima a m'zipinda zopopa magazi sachita. Akunena zoona. Yankho langa n'loti selo la munthu losakhwima limatiuza zambiri kuposa khomo limodzi la hERG lobzalidwa m'selo lachilendo, bola womasulira adziwe malire ake. Malire aakulu ndi akuti kambale kalibe chiwindi. Tibwerere kwa terfenadine: mwa anthu ambiri chiwindi chinkawasandutsa msanga kukhala fexofenadine, amene savutitsa mtima ndipo akugulitsidwabe mpaka lero. Ngozi inkabwera wodwala akamwanso ketoconazole kapena erythromycin, amene amafooketsa ntchito imeneyi ya chiwindi, terfenadine n'kuchuluka m'magazi. Zimenezi kambale ka maselo a mtima okha sikangazione, pokhapokha woyesa ataganiza yekha kuthirapo mlingo waukulu ngati umene ungakhale m'magazi a wodwala wotereyo.