LAND ROVER YAKALE IFUNA MASHOKI OYENERANA NDI MASIPULINGI AKE

ANTHU amene anakula m'zaka zoyamba za ufulu wa dziko lino akumbukira bwino kuti kumudzi kukamveka kulira kwa galimoto, kawirikawiri inali Land Rover. Ndiyo inali kunyamula alangizi a zamalimidwe, apolisi, anamwino opita kukabaya ana katemera ndiponso abambo a ku mishoni, kupyola m'miseu imene magalimoto ena anali kuiopa. Ena mwa magalimotowa anali kumangidwa konkuno, pa fakitale ya ku Ndola. Ambiri anatha, koma otsalawo akali kugwira nchito m'mafamu, m'mamishoni ndi ku malo a alendo oona nyama m'Cigwa ca Luangwa, ndipo eni ake awasunga monga cuma ca banja.

Land Rover yoyamba inapangidwa ku Solihull, m'dziko la England, mu 1948. Mtundu wa Series II unaturuka mu 1958, wa Series IIA mu 1961, ndipo wa Series III unapangidwa kucokera mu 1971 kufikira mu 1985. Kotero ngakhale yaing'ono pa zonse yakwanitsa kale zaka 40. Pa zaka zonsezi yadutsa m'manja mwa eni ambiri, masipulingi ake asinthidwa, ndipo chasisi yake yaocereredwa apa ndi apo. Ici ndico cifukwa cake munthu wofuna mashoki atsopano sangangolowa m'sitolo ndi kuchula dzina la galimoto lokha. Akatero angathe kubwerera ndi zitsulo zimene zidzamuonongera galimoto, kapena kuika pangozi miyoyo ya anthu amene wawanyamula.

NCHITO YA SHOKI

Ambiri aganiza kuti citsulo ici, cimene pa Cingerezi acicha shock absorber, ndico cinyamula katundu. Si tero ai. Kulemera kwa galimoto ndi katundu wake kukhala pa masipulingi. Land Rover zakalezi ziri ndi masipulingi a zitsulo zazitali zosanjikizana ku mawilo onse anai, ndipo sipulingi imodzi ya kutsogolo ikhala ndi zitsulo 9 kapena 11. Wilo likagunda mwala, sipulingi ipindika ndi kubwerera, koma ikasiyidwa yokha ipitiriza kudumpha. Shoki ndiyo iletsa kudumphako. M'kati mwake muli pisitoni imene ikankha mafuta kupyola pa timabowo tating'ono, ndipo mphamvu ya kudumpha isandulika kutentha kumene kucoka ndi mphepo.

Phindu lake lenileni ndi lakuti tayala likhala logwira pansi. Pa mseu wa dothi umene uli ndi timizere topingasa, wilo lopanda shoki yabwino lingodumphadumpha, ndipo pa kanthawi kali konse pamene liri m'mwamba siligwira buleki, ndiponso silimvera ciongolero. Galimoto yotero ithawa cammbali pokhota, ndipo itenga mtunda wautali kuti iime. Popeza Land Rover ndi yaitali msinkhu, ndipo nthawi zambiri isenza matumba a cimanga kapena anthu kumbuyo, kuthawa kotereku ndiko kumafikitsa pa kugubuduzika.

Mwini galimoto ayeneranso kudziwa kuti ngati yatsamira mbali imodzi kapena yakhala pansi kumbuyo, vuto liri pa masipulingi. Kugula mashoki atsopano sikudzaiutsa, ndipo ndalamazo zidzangopita pacabe.

ZIZINDIKIRO ZA SHOKI YAKUFA

Pa magalimoto ang'ono anthu amayesa mashoki mwa kukankhira pansi ngodya imodzi ndi kuona ngati idumpha kangapo. Pa Land Rover yakale kuyesa kumeneku sikuthandiza kwenikweni, pakuti masipulingi ake ndi ouma ndipo zitsulo zake zikhulana zokha-zokha, makamaka zikacita dzimbiri. Njira yabwino ndiyo kuyenda makilomita angapo pa mseu wa mabampu, kuima, ndi kukhudza shoki iri yonse mosamala. Imene igwira nchito ikhala yofunda kapena yotentha. Imene iri yozizira pamene zinzake zatentha ndi yakufa.

Zizindikiro zina zioneka ndi maso. Kunyowa pang'ono kwa mafuta pamwamba pa shoki sikudetsa nkhawa, koma mafuta oyenderera mpaka pansi asonyeza kuti yatha. Tayala lodyeka mathothomathotho mozungulira lisonyezanso kuti wilo lakhala likudumpha. Koma kugogoda kwa pansi pa galimoto nthawi zambiri kucokera ku mabushi a mphira amene ali kumapeto a shoki. Mabushi ndi ochipa, ndipo munthu wanzeru ayamba waona iwo asanataye shoki imene ikali ndi moyo.

KUPIMA KUYAMBE, KUGULA PAMBUYO

Cinthu coyamba kudziwa ndi utali wa galimoto. Pali yaifupi, ya mainchesi 88 pakati pa mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo, ndi yaitali ya mainchesi 109. Mashoki a mitundu iwiriyi ndi osiyana, ndiponso a kutsogolo asiyana ndi a kumbuyo. Magalimoto ena aatali amene anapangidwira asilikali, pamodzi ndi mtundu wa One Ton, anakwezedwa m'mwamba kuposa anzao, cotero afuna mashoki otalikirapo.

Caciwiri ndi mamangidwe a kumapeto. Mashoki ambiri a magalimotowa ali ndi diso kumwamba ndi kunsi, ndipo la kunsi lilowa pa citsulo ndi kutsekedwa ndi washala ndi kapini. Ena ali ndi diso kumwamba, koma kunsi ali ndi msomali wa mazinga womangira nati. Kunyamula shoki yakale popita ku sitolo kuthetsa mkangano umenewu.

Cacitatu, cimene ambiri aciiwala, ndi utali wa shoki itatambasuka ndiponso itafinyika. Makaniko wosamala acotsa shoki yakale, akweza chasisi ndi jeke, naikhazika pa zocirikiza zolimba kuti ekiselo ilendewere mpaka pothera. Kumbuyo kwa Land Rover zimenezi kuli malamba amene agwira ekiselo kuti isatsike mopitirira, ndipo ngati anaduka ayenera kubwezeredwa poyamba. Atatero apima mtunda wa pakati pa pomangira pa kumwamba ndi pa kunsi. Shoki yatsopano itatambasuka iyenera kupitirira pang'ono muyeso umenewu. Ikakhala yaifupi, ekiselo yonse idzakhala ikulendewera pa shoki, ndipo tsiku lina diso lidzathothoka.

Pambuyo pake atsitsa galimoto, napimanso mtunda womwewo, ndi kucotsapo mpata umene uli pakati pa ekiselo ndi mphira yoletsa kugunda imene iri pa chasisi, osaiwala kuti mphirayo nayonso imafinyika. Shoki itafinyika kotheratu iyenera kucepera muyeso umenewu. Ikakhala yaitali, ndiyo idzalandira nkhonya yonse galimoto ikagwa m'dzenje, ndipo pisitoni idzaphwanyika kapena pomangira padzathyoka.

Kupima kumeneku kufunika koposa pa magalimoto amene anaikidwa masipulingi atsopano ochedwa parabolic. Awa ali ndi zitsulo ziwiri, zitatu kapena zinai zokha, zimene zikhudzana pakati ndi kumapeto basi. Ndi ofewa, ndipo alola wilo kukwera ndi kutsika kwambiri. Koma popeza zitsulo zake sizikhulana monga zakale zija, nchito yonse yoletsa kudumpha igwera pa shoki. Masipulingi otere afuna mashoki otalikirapo ndiponso amphamvu kuposa amene galimoto inabwera nao. Kuika mashoki wamba pa masipulingi a parabolic ndiko kulakwa kumene kwathyola zitsulo zambiri.

YA MAFUTA KAPENA YA GASI?

M'masitolo mupezeka mitundu itatu. Woyamba ndi wa mapaipi awiri, ina m'kati mwa inzake, wokhala ndi mafuta okha. Umenewu ndi wofanana ndi umene magalimotowa anacoka nao ku fakitale. Ndi wochipa, ndipo uyenerana ndi masipulingi akale ouma. Kufooka kwake ndi kwakuti pa ulendo wautali wa mabampu mafuta atentha ndi kucita thovu, ndipo thovu silingaletse pisitoni. M'mwezi wa October, pamene kutentha kwa ku cigwa kupitirira madigiri 40, vutoli lifulumira.

Mtundu waciwiri ndi wa mapaipi awiri omwewo, koma woonjezeramo mpweya wa nitrogen umene upanikiza mafuta kuti asacite thovu msanga. Wacitatu ndi wa paipi imodzi, mmene mafuta ndi mpweya wamphamvu zalekanitsidwa ndi pisitoni yaciwiri. Nzeru imeneyi inacokera kwa Mfalansa Christian Bourcier de Carbon m'zaka za m'ma 1950, ndipo kampani ya Bilstein ya ku Germany inayamba kuika mashoki otere pa magalimoto a Mercedes-Benz mu 1957. Shoki ya paipi imodzi itaya kutentha msanga, koma iri ndi khungu limodzi lokha: mwala ukaifinya, pisitoni ikanirira pomwepo. Ya mapaipi awiri ingathe kupondereka kunja koma nkupitiriza kugwira nchito. Pa miseu ya miyala imeneyi si nkhani yaing'ono.

Pali cikhulupiriro cakuti shoki youma koposa ndiyo yolimba koposa. Pa galimoto ya zaka 40 kapena 60 cikhulupiriro cimeneci ndi coopsa. Thupi la Land Rover ndi la aluminiyamu ndipo silicita dzimbiri, koma chasisi ndi yacitsulo ndipo imadyeka kuyambira m'kati. Shoki youma mopitirira ipereka kugunda konse ku pomangira pokalamba, mpaka pang'ambike. Ndiponso galimoto ikakhala yopanda katundu, matayala ake angotsetsereka pamwamba pa timizere m'malo mogwira pansi. Mlimi amene asenza katundu wolemera tsiku ndi tsiku, ndi munthu amene aturutsa galimoto yake pa Sabata pokha, safunika mashoki amodzimodzi. Wogulitsa ayenera kuuzidwa mtundu wa masipulingi, katundu amene anyamulidwa ndi mseu umene galimoto iyendamo.

POGULA NDI POMANGA

Mashoki agulidwa awiri-awiri, a ekiselo imodzi, a mtundu umodzi. Yatsopano mbali imodzi ndi yotopa mbali inayo zicititsa galimoto kupendekera pogwira buleki. Maina odziwika monga Monroe, Gabriel, Koni, Bilstein ndi Old Man Emu alipo, koma dzina la pa bokosi silokwanira, popeza zinthu zacinyengo zimabvala maina omwewo. Wogula ayenera kuona kuti nambala ya pa bokosi ifanana ndi yodindidwa pa citsulo, aikoke ndi kuikankha ndi manja iri ciriri kuti amve ngati ikana mofanana popanda kulumpha, ndipo asacoke popanda lisiti. Mashoki ogwirapo kale nchito amene apakidwa utoto watsopano, kapena obooledwa ndi kuthiridwa oilo wa injini, ndi msampha: mavavu ake anatha kale, ndipo oiloyo si woyenera.

Pomanga, shoki ya mapaipi awiri iyamba yapopedwa kangapo iri ciriri kuti mpweya ucoke kumene kuli pisitoni. Mabushi, mawashala ndi timapini zikhale zatsopano. Ndodo yonyezimira ya pisitoni isagwidwe ndi pulayala, cifukwa kacipsera kang'ono kadula mphira yotseka mafuta. Manati amalizidwe kumangidwa galimoto itatsitsidwa, kulemera kwake kuli pa mawilo. Shoki yakale ya gasi isaponyedwe pamoto kapena kuocereredwa, pakuti ingaphulike.

Magalimoto amenewa anatumikira dziko pa nthawi imene miseu ya tala inali yowerengeka, ndipo amene atsala angathe kutumikiranso ana ndi adzukulu ngati asamalidwa. Tepi yopimira ndi ola limodzi pansi pa galimoto ndi zochipa kuposa kuocerera chasisi, ndipo ndi zochipa kutalitali kuposa ulendo wa ku cipatala. Akulu-akulu anati safunsa anadya phula. Mwini Land Rover afunse makaniko wodziwa magalimoto akale, apime kawiri, ndipo pamenepo ndiye aturutse ndalama zake.