Musanagule Galimoto Yakale

Mwagulitsa fodya kapena soya, ndalama zapezeka. Tsopano mukufuna kugula galimoto kwa munthu wina. Musapupulume. Kupereka ndalama ndi kulandira makiyi sikokwanira ayi. Boma limadziwa mwini galimoto poona dzina lolembedwa m'kaundula wa ofesi ya Road Traffic.

Choyamba, pemphani chikalata cha umwini, chija ambiri amachitcha bulubuku. Pakuti tsopano mumatha kuwerenga, werengani nokha. Kodi dzina lili pamenepo ndi lomwe lili pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo? Kodi nambala ya chesisi ikufanana ndi imene idadindidwa pa chitsulo cha galimotoyo? Zikasiyana, bwezerani ndalama zanu m'thumba. Mwina galimotoyo ndi yakuba.

Chachiwiri, lemberanani kalata ya malonda. Mulembemo tsiku, mtengo ndi nambala ya galimoto. Nonse awiri musayine pamaso pa mboni. Mukatero, pitani limodzi ku Road Traffic, monga ku Blantyre, Zomba, Lilongwe kapena Mzuzu, kuti akasinthe dzina. Musamvere zoti "tidzasintha mwezi wamawa". Wogulitsayo akasamuka kapena kumwalira, mudzavutika. Abale ake angathe kunena kuti galimotoyo ndi chuma chamasiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Chachitatu, funsani za galanti. Galanti ndi lonjezo lolembedwa la kampani lakuti idzakonza mwaulere chimene chawonongeka chifukwa chosapangidwa bwino. Ili ndi malire. Makampani ambiri amapereka zaka 3 kapena makilomita 100,000, ndipo chimodzi mwa ziwirizi chikakwana, galanti yatha. Siikhudza ngozi, kapena zinthu zimene zimatha poyenda monga mabuleki.

Kawirikawiri galanti imatsata galimoto, osati mwini woyamba. Choncho ngati nthawi ikadalipo, ingathe kukuthandizani inunso. Koma pafunika buku la sevisi losonyeza kuti galimotoyo inkapita ku galaja pa nthawi yake. Magalimoto akale ochokera ku Japan ambiri amafika galanti itatha kale. Tengani makaniko amene mumamukhulupirira akaiwone musanalipire.

Wogulitsa akanena kuti, "Ikavuta mudzabwere," muuzeni alembe mawuwo m'kalata ija. Lonjezo lapakamwa ndi losavuta kulikana.

Mafunso

1. Kodi boma limadziwa bwanji mwini galimoto?
2. Tchulani zinthu zitatu zoyenera kulembedwa m'kalata ya malonda.
3. Kodi galanti imatha liti?