Chidziwitso: Inshuwalansi ya Galimoto ndi Njinga Zamoto

Unduna ukukumbutsa eni galimoto ndi njinga zamoto ku Chirimba, Limbe ndi madera ena a mzinda wa Blantyre kuti lamulo la Road Traffic Act la 1997 sililola galimoto kuyenda pamsewu popanda inshuwalansi ya third party. Wopezeka alibe inshuwalansiyi amalipitsidwa chindapusa.

Inshuwalansi ya third party imapereka chipukuta misozi kwa munthu wina wovulala pangozi kapena kwa abale a womwalira, koma sikonzetsa galimoto ya mwini wake. Wofuna kuthandizidwa galimoto yake ikawonongeka, ikapsa kapena ikabedwa agule ya comprehensive, imene mtengo wake umakwera molingana ndi mtengo wa galimotoyo.

Ndalama zolipira zimatengeranso ntchito ya galimoto. Choncho alimi ndi amalonda onyamula mbewu kapena anthu molipitsa, kuphatikizapo akabaza, anene zoona polembetsa. Galimoto yolembetsedwa ngati ya pabanja ikachita ngozi ikuchita matola, kampani ikhoza kukana kulipira, ndipo udindo wonse udzagwera mwini wake.

Inshuwalansi igulidwe kumakampani okhawo ovomerezedwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo ikonzedwenso tsiku lolembedwa pachiphaso lisanadutse.