Moto wa ku Society House: Phunziro kwa Eni Nyumba za Malonda

M'caka ca 1997 moto unabuka m'nyumba yosanja ya Society House, mu mseu wa Cairo Road mu Lusaka. Nyumbayo, imene inali ya bungwe la Zambia National Building Society, inakhala cigoba cakuda kwa zaka zoposa khumi, kufikira pamene bungwe la NAPSA linaikapo ndalama zoikonzanso. Pa 4 July 2017 moto wina unanyeketsa mbali yaikulu ya msika wa City Market, ndipo katundu wa amalonda ambiri anasanduka phulusa m'maola ocepa.

Akulu anati tsoka silinunkha. Ngozi zotere zikhudza aliyense amene wamanga sitolo yocititsa lendi, kaya ku Kabwata, ku Chelstone kapena pa boma la Katete, makamaka iwo amene anathirapo ndalama zao zonse za penshoni.

Cishango ca munthu wotere ndi inshuwalansi, ndipo womtsogolera ndi buloka, mkhalapakati amene aimira mwini nyumba pamaso pa makampani a inshuwalansi. Buloka ayendera nyumbayo, naona mawaya a magetsi, zozimira moto ndi mtundu wa malonda a anthu ocita lendi. Pambuyo pace afunsa mitengo ku makampani angapo, ndipo ngozi ikagwa athandiza kulondola malipiro. Kawirikawiri mphotho yace icokera ku kampani imene yalandira inshuwalansiyo. Lamulo la Insurance Act la 2021 lifuna kuti buloka aliyense akhale ndi laisensi ya bungwe la Pensions and Insurance Authority, ndipo mwini nyumba ayenera kuiona asanapereke ndalama.

Msampha waukulu ndi kucepetsa mtengo wa nyumba pofuna kulipira pang'ono. Mwacitsanzo, ngati kumanganso nyumba kufuna K400,000 koma mwini analembetsa K200,000, moto ukaononga za K100,000 kampani ingalipire K50,000 cabe, popeza iye anachinjiriza theka lokha. Mitengo ya simenti ndi malata ikwera, motero ciwerengeroco ciyenera kuonedwanso caka ndi caka.

Cina coiwalika ndi lendi. Nyumba ikapsa ocita lendi acoka, koma ngongole ya ku banki siima. Mwini wanzeru apempha buloka kuti aonjezepo inshuwalansi ya lendi yotayika pa miyezi yomanganso. Akumbukirenso kuti katundu wa wocita lendi salowa m'inshuwalansi ya nyumba: wamalonda afunika kukhala ndi yaceyace.