Kucotsa magazini sikutsimikiza kuti mfuti ilibe cipolopolo

KAFUE – Ngozi zambiri za mfuti zing'onozing'ono za m'manja zimacitika pamene munthu akhulupirira kuti mfuti imene wagwira ilibe cipolopolo. Nkhaniyi ndi yofunika kwambiri kwa anthu a ku Chanyanya, dooko la asodzi limene lili m'mbali mwa mtsinje wa Kafue kumadzulo kwa tauni ya Kafue, cifukwa wovulala ndi mfuti kumeneko amafunika kuyenda ulendo wautali asanafike kwa madokotala ocita opaleshoni.

Cipatala cacikulu capafupi cili mu tauni ya Kafue, ndipo ovulala kwambiri amatumizidwa ku University Teaching Hospital ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kucokera mu tauniyo. Koma munthu amene cipolopolo cadula mtsempha waukulu wa magazi pa ncafu angathe kufa m'mphindi zocepa cabe.

Kafukufuku amene anasindikizidwa m'caka ca 2018 mu magazini ya madokotala ya JAMA anapeza kuti m'caka ca 2016 anthu pafupifupi 251,000 anafa ndi mfuti pa dziko lonse. Pa anthu 100 alionse a amenewa, 9 anafa mwangozi, popanda munthu wofuna kuwapha.

Cimene cimasokoneza anthu ambiri ndi kapangidwe ka mfuti ya pistol. Zipolopolo zake zimakhala m'kabokosi kochedwa magazini kamene kamalowa m'cogwirira. Munthu akakoka citsulo ca pamwamba pa mfuti n'kucisiya, cipolopolo cimodzi cimacoka m'magazini n'kukakhala kumbuyo kwa mpope, cokonzeka kuomba. Magazini akacotsedwa pambuyo pake, cipolopolo cimeneco cimatsalira, ndipo mfuti zambiri za mtundu umenewu zimaombabe ngakhale zilibe magazini.

Ngakhale anthu ozolowera mfuti amalakwitsa. Mu January 2013, wothamanga wa ku South Africa Oscar Pistorius analandira mfuti ya Glock ya mnzake pansi pa tebulo m'nyumba yodyera mumzinda wa Johannesburg. Mfutiyo inali ndi cipolopolo kumbuyo kwa mpope ndipo inaomba pansi, pamalo pamene panali anthu ambiri. Mu September 2014 bwalo lalikulu la milandu ku Pretoria linamupeza wolakwa pa mlandu umenewu, kuwonjezera pa mlandu wa imfa ya Reeva Steenkamp.

Ophunzitsa za mfuti m'maiko ambiri amagwirizana pa malamulo anai. Mfuti iliyonse iyenera kugwiridwa ngati yodzaza. Kamwa la mfuti lisaloze munthu, ngakhale mwa nthabwala. Cala cisakhale pa kacitsulo koombera kufikira munthu atasankha kuomba. Ndipo woomba ayenera kudziwa bwino cimene akulinga ndi zimene zili kuseri kwake.

Lamulo lacinai ndi lofunika kwambiri m'midzi ya asodzi. Cipolopolo ca 9mm cimatuluka pa liwiro la mamita oposa 300 pa sekondi imodzi, ndipo cingafike mtunda woposa kilomita imodzi. Cimaboola malata, citseko ca matabwa ndi mpanda wa bango. Cikagunda pamwamba pa madzi mopendekeka cimadumpha monga mwala wafulati umene ana amaponya pa mtsinje, ndipo cingathe kukavulaza munthu amene ali m'bwato lina. Cipolopolo coombedwa m'mwamba pa cikondwerero naco cimabwerera pansi ndi mphamvu yokwanira kupha.

Potsitsa pistol, ndondomeko yake ndi yofunika kuitsata bwino. Coyamba, munthu aloze mfuti kumalo kopanda anthu, cala cili kutali ndi koombera. Kenako acotse magazini. Pambuyo pake akoke citsulo ca pamwamba kangapo kuti cipolopolo cotsala cituluke, acisiye cotseguka, ndi kuyang'ana mkati ndi maso. Amene ayamba ndi kukoka citsulo magazini akali m'malo mwake amatulutsa cipolopolo cimodzi n'kulowetsa cina mosadziwa. Pa mfuti ya revolver, nkhokwe yozungulira iyenera kutsegulidwa ndi kuona mabowo onse, amene nthawi zambiri amakhala asanu kapena asanu ndi limodzi.

Mfuti ikakana kuomba, munthu asasuzumire mu mpope. Nthawi zina onga umacedwa kuyaka, motero ayenera kuiloza kumalo kopanda anthu kwa masekondi osacepera 30 asanaitsegule. Ndondomeko yotsitsa iyenera kubwerezedwa nthawi iliyonse pamene mfuti ipatsidwa kwa munthu wina kapena pamene ikutsukidwa.

Kasungidwe ka mfuti panyumba nako kamateteza ana. Mfuti iyenera kusungidwa yopanda cipolopolo m'bokosi lacitsulo lokhoma, zipolopolo zikhale pamalo ena okhomanso, ndipo makiyi akhale ndi mwini yekha. Pansi pa pilo, pamwamba pa kabati ndi m'thumba la maukonde ndi malo amene mwana amafika mosavuta, ndipo mwana wa zaka zitatu angathe kukhala ndi mphamvu yokoka koombera kwa mfuti zina. Munthu amene wamwa mowa sayenera kugwira mfuti konse.

Ngozi ikacitika, cofunika coyamba ndi kuletsa magazi. Wothandiza apanikize bala mwamphamvu ndi nsalu yoyera osasiya, ndipo nsaluyo ikanyowa aike ina pamwamba pake. Ngati magazi a pa mkono kapena pa mwendo sakusiya, amange zolimba kumtunda kwa balalo ndi nsalu yotambalala monga citenge copinda, ndi kukumbukira nthawi imene wamanga kuti akauze a cipatala. Asayese kucotsa cipolopolo, asathire dothi kapena mankhwala a zitsamba pa bala, ndiponso asapatse wovulalayo cakudya kapena cakumwa cifukwa angafunike opaleshoni. Wovulala afunditsidwe ndi kutengedwa mwamsanga, ndipo apolisi adziwitsidwe pa nambala ya 991.

M'dziko la Zambia, lamulo la Firearms Act, caputala 110 ca malamulo a dziko, limafuna kuti munthu aliyense wosunga mfuti akhale ndi laisensi. M'caka ca 2017, bungwe la African Union linasankha mwezi wa September wa caka ciliconse kukhala nthawi imene maiko a mu Africa amapemphedwa kulola anthu kupereka mfuti zosaloledwa popanda kuimbidwa mlandu, ndipo dongosololi linatalikitsidwa kufika m'caka ca 2030. Munthu amene wapeza mfuti kuthengo kapena m'katundu wa malemu asayese kuiona ngati ili ndi cipolopolo. Ayenera kuisiya pamene ili, kucotsapo ana, ndi kuitana apolisi.