Luso Loyala Kaboni pa Mkuwa

Pamene Andre Geim ndi Konstantin Novoselov, akatswiri a pa yunivesite ya Manchester, anamata selotepi pa grafaiti, mwala wakuda uja umene umalemba m'pensulo, nasendasenda kufikira atatsala ndi kagawo kochindikala atomu imodzi yokha, anthu ophunzira a dziko lonse anazizwa. Pakuti kagawoko, kotchedwa graphene, kanapezeka kolimba, kolola kuwala kupyola, ndiponso kodutsitsa magetsi mwaliwiro losaneneka. Izi zinachitika mu 2004, ndipo mu 2010 awiriwo analandira mphotho ya Nobel. M'grafaiti wochindikala milimita imodzi mwasanjikizana magawo otere pafupifupi 3 miliyoni.

Koma zosendedwazo zinali zinyenyeswazi zosaoneka bwino ndi maso, ndipo fakitale singapange lamya kapena kompyuta ndi zinyenyeswazi. Apa mpamene pagona ntchito imene ine ndiiyesa yoposa yoyamba ija, ngakhale anthu saitama kwambiri.

Mu 2009 Rodney Ruoff ndi anzake ku Austin, m'dziko la America, analowetsa mkuwa wosula mopyapyala m'ng'anjo yotentha madigiri pafupifupi 1,000, nauziramo mpweya wa methane; mpweyawo pokhudza mkuwa unasweka, kaboni wake nayamba kuyalana pamwamba, ndipo popeza mkuwa sumwerera kaboni wambiri, pamwambapo patadzaza kukula kunaleka kokha pa gawo limodzi. Chaka chotsatira akatswiri a ku South Korea, mothandizana ndi Samsung, anatulutsa chinsalu cha graphene cha mainchesi 30.

Komabe chinsalucho sichimera chathunthu ayi. Chiyamba m'malo ambirimbiri nthawi imodzi, kachigamba kalikonse kakukula molunjika kwakekwake, ndipo pokumanirana pake patsala misoko imene ichedwetsa magetsi. Pambuyo pake mmisiri ayenera kuchikuta ndi pulasitiki, kusungunula mkuwa ndi mankhwala, ndi kuchinyamulira pa galasi kapena pa silikoni mosachikwinya ndi mosaching'amba. Indedi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chilema china cha graphene nchakuti magetsi ake sathimitsika kotheratu, pamene transista, imene ili mtima wa kompyuta, iyenera kuyatsa ndi kuthimitsa. Chifukwa chake ambiri anatembenukira ku molybdenum disulphide, amenenso ali wosanjikizana koma womvera pothimitsa; ndipo mu 2015 Jiwoong Park ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell anakhoza kumuyala mosalumphalumpha, wochindikala maatomu atatu okha, pa mbale yonse ya mainchesi 4.