MTSINJE WA LUSAKA ULI PANSI PA NTHAKA

Mlendo wocokera ku Lundazi kapena ku Petauke akafika mu Lusaka m'nyengo ya cilimwe amadabwa kuona mzinda waukulu cotere wopanda mtsinje. Kwao mudzi uliwonse uli ndi dooko lake, ndipo panjira waoloka Luangwa. Koma mlendo yemweyo akabwerera mwezi wa February apeza anthu a ku Kanyama alikuyenda m'madzi ofika m'maondo. Kodi madziwo acokera kuti?

Lusaka anamangidwa pa cidikha cokwera mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere. Pamalo otere mitsinje imangoyamba, siikula. Kamtsinje ka Ngwerere kamatsikira mu Chongwe, amene athira mu Zambezi. Ka Chunga, kodutsa kufupi ndi Matero, kamapita mu Mwembeshi ndi kukafika ku Kafue. Tiwiri tonseti tili ca kumpoto kwa mzinda.

Kumadzulo ndi kumwera, kumene kuli Kanyama, Chibolya, Misisi ndi Chawama, nkhani ndi ina. Kumeneko dziko ndi lathyathyathya ngati bwalo lopunthira mapira, ndipo pansi pa dothi locepa pali thanthwe la mwala wa njereza. Mwala umenewu umasungunuka pang'ono pang'ono ndi madzi a mvula, kotero kuti pa zaka zosawerengeka wacita ming'alu, mauna ndi mapanga. Mvula ikagwa, madzi safuna khwawa loti atsate; amangolowa pansi ndi kuyenda m'ming'alumo. Umenewo ndiwo mtsinje weniweni wa Lusaka, ngakhale palibe munthu anauolokapo. Mvula ikacuruka thanthwelo limadzaza ngati mtsuko, ndipo madzi amatumphuka pabwalo, m'misewu, ngakhale m'kati mwa nyumba zofolera bwino. Popeza palibe potsetsereka, amakhala pomwepo masabata ambiri.

Akuluakulu a ku Kanyama saiwala caka ca 1978. Nyumba za zidina zinanyowa kunsi ndi kugwa, anthu ena anafa, ndipo zikwi zinasowa pogona, kufikira Boma linatsegula thumba la Kanyama Disaster Fund kuti liwathandize. Kucokera apo madzi akhala akubwera zaka zambiri, ndipo apeza nyumba zocuruka koposa kale. Nawonso ophwanya miyala yomangira asiya maenje akuya amene asanduka maiwe osaphwa, monga damu la Ngwenya ku Misisi, m'mene ana amirapo.

Kunena zoona, thanthweli ndi nkhokwe ya mzinda. Pafupifupi theka la madzi a m'mipopi ya Lusaka limacokera m'zitsime zakuya zoboola mwalawu. Otsalawo amapopedwa kucokera ku Kafue, mtunda wa makilomita ngati 50. Tsoka lake n'lakuti cimbudzi ca dzenje ndi citsime cosaya ca pakhomo zimagwira madzi amodzimodzi. Kumudzi, mcenga ndi dothi zimasefa zonyansa zisanafike patali. Mng'alu wa mwala susefa kanthu: cimene calowa pano cituluka kwa mnansi monga cinalowera. Madzi a m'citsime aoneka oyera mbee, koma matenda ali momwemo.

Cotulukapo cake ndi kolera. Mliri umene unayamba mu October 2017 unadwalitsa anthu oposa 5,000 mu Lusaka, ndipo Kanyama anali pakati pa malo okanthidwa kwambiri. Kumapeto kwa December 2017 ndi mu January 2018 Boma linatumiza asilikali kukayeretsa mzinda, linakwirira zitsime zosaya, linaika matanki a madzi abwino, ndi kuletsa anthu a ku Kanyama kuyenda usiku. Masukulu anacedwa kutsegulidwa. Matendawa anabweranso m'dzinja la 2023 mpaka 2024, ndipo bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala.

Pamene cilengedwe sicinaike mtsinje, anthu ayesa kukumba wao. Ngalande yaikulu ya Bombay inakuzidwa ndi kuwakidwa ndi simenti pa ndalama za thandizo la dziko la America, pa nchito imene inacitika pakati pa 2013 ndi 2018. Imatenga madzi a ku Kamwala ndi Garden ndi kukawataya mu Ngwerere, ndipo madera amenewo apumako. Koma Kanyama ali mbali ina ya mzinda, kumene ngalande iyenera kusemedwa m'mwala, nchito yodya ndalama zambiri.

Ngwerere naye wasenza katundu woposa msinkhu wake. Madzi a m'ngalande, zinyalala ndi zotsala za m'madamu oyeretsera zonyansa zonse zimathera mwa iye, kotero kuti saphwa ngakhale mu October. Kumunsi kwake alimi amathirira nawo repu, kabichi ndi matimati, ndipo m'mamawa ndiwozo zimakwera galimoto kubwerera ku misika ya mu Lusaka.